Dzina Lao Ndani Anthu a pa Esiteti?

Aliyense amene adayendapo mu mseu wochokera ku Kasungu boma kupita ku Santhe, kapena woloŵera ku Mtunthama ndi kwa Chamama, m'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi, adaona zigafa zazitali zofolera ndi udzu zitandanda m'mbali mwa minda, fodya ali lendelende m'kati mwake. Kuseri kwa zigafazo, patali pang'ono ndi nyumba ya malata ya mwini munda, pamakhala tinyumba tatifupi ta mitengo ndi udzu, topanda nkhokwe, topanda khola, topanda ngakhale mtengo umodzi wa mango wobzalidwa ndi wogonamo. Munthu wa kumudzi akaona khomo lopanda nkhokwe amadziŵiratu kuti eni ake sadadzere kudzakhazikika. Komabe ena mwa iwo ana ao adabadwira pomwepo, ndipo lero adzukulu akukwaŵa pa bwalo lomwelo.

Anthu ameneŵa ali ndi maina ambiri, koma onsewo ndi ochita kupatsidwa. Mwini esiteti amati "anthu anga" kapena "matenanti anga". A m'midzi yozungulira amati "obwera", mwinanso "a kumwera", ngakhale kuti ena ndi ochokera ku Dedza kapena ku Lilongwe konkuno. Ife aphunzitsi timati "ana a pa esiteti", ndipo tikatero tonse timamva kuti tikunena mwana amene adzasoŵa m'kalasi fodya akayamba kuthyoledwa. Boma nalo, kuyambira mu 2021 pamene Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la ntchito ndi kuletsa utenanti, lilibenso dzina loŵatchula, pakuti pa pepala tenanti adatha m'Malaŵi. Ku London, m'mabuku a bwalo lalikulu la milandu, ena mwa iwo adalembedwa kuti "odandaula". Tsono iwo eni ake, akakumana pa mjigo kapena ku chigayo, amadzitcha ndani? Kodi lilipo dzina limene Mlomwe wa ku Phalombe, Myao wa ku Mangochi ndi Mcheŵa wa ku Dedza, olima fodya wa munthu mmodzi, angaimirire nalo pamodzi ndi kunena kuti "ife"?

Wina angati funso lotere nlamaseŵera, pakuti dzina silikhutitsa mimba. Koma mbiri ya anthu ena a ku India, amene lero amadzitcha Dalit, ikuonetsa kuti anthu obalalika ndi onyozedwa savuta kuŵanyalanyaza pa bwalo lililonse, la mfumu ngakhale la maiko onse, mpaka atapeza dzina lodzisankhira okha. Tiyeni tsono tiyambe taoloka nyanja, kenaka tibwerere kuno kwathu ku chigwa cha fodya.

Anthu ophwanyidwa

Ku India anthu akhala ogaŵidwa kwa zaka mazanamazana m'magulu a chibadwidwe, amene azungu amaŵatcha caste. Gulu limeneli munthu sasankha, ndipo sangatulukemo ngakhale alemere chotani. Ndilo linkamuuza ntchito yoti agwire, banja loti akwatireko, ndiponso munthu amene angadye naye m'mbale imodzi. Pansi pa magulu onse panali anthu amene ankayesedwa odetsedwa chichokere m'mimba mwa amai ao, kotero kuti kungoŵakhudza kunkadetsa munthu. Ntchito zao zinali kusenda ng'ombe zakufa ndi kufufuta zikumba, kusesa miseu, kuola zonyansa za m'zimbudzi, kuimba ng'oma pa maliro, ndiponso kulima minda ya eni nthaka. Nyumba zao zinkamangidwa kunja kwa mudzi, ndipo chitsime cha onse sankaloledwa kutungapo. Kalembera wa mu 2011 adapeza kuti anthu a m'magulu ameneŵa ndi opitirira 200 miliyoni, ndiye kuti kuposa kakhumi anthu onse amene adaŵerengedwa m'Malaŵi mu 2018.

Chimene aŵerengi asachiphonye nchakuti anthuŵa sanali mtundu umodzi ai. Panali a Mahar ku chigawo cha Maharashtra, a Chamar chakumpoto, a Paraiyar pakati pa olankhula Chitamil, a Mala ndi a Madiga pakati pa olankhula Chitelugu, ndi magulu ena mazanamazana. Zinenero zao sizinkamvana, sankakwatirana, ndipo monga zimachitikira kaŵirikaŵiri pakati pa osauka, wofufuta zikumba ankadziyesa woposa woola zonyansa. Chimene chinali chimodzi ndi chitonzo chokha.

Maina oŵapatsa sadasoŵe. Boma la Angerezi mu 1935 lidaŵalemba kuti Scheduled Castes, tanthauzo lake magulu olembedwa pa mndandanda wa boma. Mahatma Gandhi, pofuna kuŵachitira chifundo, adaŵatcha Harijan, ndiye kuti anthu a Mulungu. Dzinali nlokoma m'khutu, makamaka kwa ife a mpingo, koma ambiri a iwo adalikana. Adaona kuti linali ngati nsalu yatsopano yofunda pa chilonda chosatsuka, dzina lochokera kumwamba, lopatsa mtendere kwa wolitchula osati kwa wotchulidwayo. Iwo adasankha mau a m'chinenero cha Chimarathi akuti Dalit, amene amanena chinthu choswedwa, chophwanyidwa, choponderezedwa. Taonani nzeru yake. Ukati munthu ndi wodetsedwa, mlandu wauika pa thupi lake. Ukati ndi wophwanyidwa, womva aliyense ayenera kufunsa kuti adamphwanya ndani.

Munthu amene adatsegula njira imeneyi ndi Dr. B. R. Ambedkar, wa gulu la Mahar, amene adabadwa mu 1891. Ali mwana wa sukulu ankakhala payekha pa chiguduli chochokera nacho kwao, ndipo akamva ludzu ankadikira wantchito wa pa sukulu kuti amtsanulire madzi kuchokera m'mwamba, kuwopa kuti angakhudze chikho. Mwana ameneyo adakaphunzira ku New York ndi ku London. Mu Malichi 1927 adatsogolera khamu la anthu ake kukamwa madzi pa dziŵe la onse m'tauni ya Mahad. Atachoka, eni tauniyo adachita mwambo woyeretsa dziŵelo. Ndi yemweyo amene adatsogolera komiti yolemba malamulo aakulu a India, amene adayamba kugwira ntchito pa 26 Januwale 1950, ndipo ndime 17 ya malamulowo idathetsa mwambo woyesa munthu wosakhudzika. Koma lamulo lidatsogola, mitima idatsalira. Mu Okutobala 1956, ku Nagpur, Ambedkar pamodzi ndi anthu zikwi mazana adasiya Chihindu naloŵa Chibuda. Sitingabise kuti Chikhristu adachiyang'ana bwino asanasankhe, ndipo adaona kuti tsankho lomwe ankalithaŵa lidaloŵa kale ndi m'matchalitchi momwe.

Dzina lakuti Dalit lidafala kwenikweni kuyambira mu 1972, pamene achinyamata olemba ndakatulo ku Bombay, monga Namdeo Dhasal, adayambitsa gulu la Dalit Panthers, potengera dzina la gulu lina la anthu akuda a ku America. Iwoŵa adakuza mpanda wa dzinalo, nati likwanire ngakhale alimi opanda minda, antchito, amai, ndi onse odyeredwa masuku pamutu.

Ng'oma ku Durban

Mu 1998 atsogoleri a Dalit ochokera m'zigawo zambiri adakhazikitsa bungwe la National Campaign on Dalit Human Rights. Kufikira nthaŵi imeneyo, kunja kwa India nkhani yao inkamveka ngati ya chipembedzo cha Chihindu, kapena ya ndale za m'nyumba mwa eni, imene mlendo sayenera kuiloŵerera. Poitcha nkhani ya ufulu wachibadwidwe wa munthu, adaisandutsa mlandu woti mtundu uliwonse ungaumve. Mu 2000 padabadwa bungwe lina lolumikiza iwo ndi abwenzi ao a m'maiko ena, International Dalit Solidarity Network, limene pambuyo pake lidatsegula ofesi ku Copenhagen, ndipo ena mwa oliimika anali mabungwe achifundo a mipingo ya ku Ulaya.

Mayeso ao aakulu adafika mu 2001. Kuyambira pa 31 Ogasiti mpaka pa 8 Sepitembala chaka chimenecho, bungwe la United Nations lidachititsa msonkhano wa maiko onse wolimbana ndi tsankho la mitundu mu mzinda wa Durban, ku South Africa. A Dalit oposa zana adapita okha kumeneko, sadatume munthu, ndipo adanyamula ng'oma zomwe zija makolo ao ankanyozedwa nazo pa maliro a eni nthaka, nakaziimba m'miseu ya Durban. Boma la India lidalimbikira kuti caste si nkhani ya khungu, choncho ilibe malo pa msonkhano umenewo. Pamenepo a Dalit adakakamizika kudzifunsa ngati ali ndi abale kunja kwa dziko lao, ndipo adaŵapeza: a Burakumin a ku Japan, amene makolo ao ankapha nyama ndi kufufuta zikumba, a Osu pakati pa Aigbo a ku Nigeria, mabanja a osula zitsulo ndi a oimba ku Senegal ndi ku Mali, ndi anzao a ku Nepal, Pakistan ndi Bangladesh. Onseŵa khungu lao nlofanana ndi la oŵanyoza. Mau amene adaŵamanga mtolo umodzi anali akuti tsankho lochokera pa ntchito ndi pa kubadwa.

Ndime yonena zimenezi idachotsedwa m'chikalata chotsiriza cha msonkhanowo, ndipo adabwerera kwao ngati ogonja. Koma dziko linali litaŵamva. Mu Ogasiti 2002 komiti ya United Nations yoyang'anira pangano la 1965 loletsa tsankho idagamula kuti tsankho la kubadwa, kuphatikizapo la caste, lili m'kati mwa panganolo. Njira sidafupike chifukwa cha ichi: bungwe la ku Copenhagen lija lidadikira zaka 15, mpaka mu Disembala 2022, kuti lipatsidwe chilolezo cholankhula m'misonkhano ya United Nations m'dzina lakelake.

Tisaganize kuti dzina limodzi lidathetsa mikangano ya m'nyumba. A Madiga adadandaula kwa zaka zambiri kuti malo a sukulu ndi a ntchito osungidwira onse ankangogwera a Mala, ndipo mu Ogasiti 2024 bwalo lalikulu la India lidalola kuti malowo azigaŵidwanso pakati pa timagulu tating'ono. Amai nawo adaona kuti amuna akulankhula m'malo mwao, ndipo mu 1995 adayambitsa bungwe laolao, mmodzi mwa atsogoleri ake ali Ruth Manorama. Mtolo udamangidwa, koma nkhuni zake sizidasanduke mtengo umodzi.

Kuno kwathu zidachitikapo

Nkhani ya dzina si yachilendo m'dziko lino. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, anthu ambiri adaoloka malire kuchokera ku Mozambique, kuthaŵa msonkho, ntchito yokakamiza ya Apwitikizi ndi njala. Nawonso sanali gulu limodzi: panali Amihavani, Akokhola, Atakhwani, Amanyawa, Amarenje ndi ena. Popeza adafika opanda malo, ambiri adakhala pa minda ya azungu ku Mulanje, Thyolo, Chiradzulu ndi Zomba, nalipira malowo ndi thukuta lao pa thangata. Minda ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene anthu a John Chilembwe adathira nkhondo mu Januwale 1915, inali yodzaza ndi anthu ameneŵa. Azungu ndi anansi ao adaŵaunjika onse pansi pa dzina limodzi lachipongwe, limene abale athu andikhululukire polilemba kamodzi kokha: Anguru. Dzinalo linkanena munthu wopanda kwao, wolandira malipiro alionse, wolankhula zosamveka.

Amene adalimbana nalo ndi Lewis Mataka Bandawe, mphunzitsi ndi Mkhristu wa mpingo wathu womwewu wa ku Blantyre, amene adagwira ntchito zaka zambiri pa mishoni ya Mihecani ku Mozambique ndipo adamasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe. Mu 1943 adayambitsa bungwe loimira anthu ake, ndipo boma la atsamunda lidavomera kusiya dzina lachipongwe lija m'makalata ake ndi kulemba kuti Alomwe. Thangata lidapitirira mpaka mu 1962, choncho dzina latsopano silidapatse munthu munda tsiku lomwelo. Koma kuyambira pamenepo panali anthu oti boma likafuna kulankhula nawo liyenera kuŵatchula mwaulemu. Chomvetsa chisoni nchakuti ambiri mwa okwera malole obwera ku Kasungu ndi adzukulu a anthu omwewo. Kwao nthaka idadyedwa ndi tiyi ndi kuchuluka kwa anthu. Makolo adachoka pa thangata, adzukulu adagwera pa utenanti.

Mmene utenanti udadzera ku Kasungu

M'chigawo chapakati ulimi wa matenanti udayamba m'zaka za m'ma 1920, pamene azungu aŵiri, Barron ndi Wallace, adatsegula minda ya fodya ku Lilongwe. Ku Kasungu udakula kwambiri m'zaka za m'ma 1970, pamene boma la Dr. Banda lidalimbikitsa maesiteti. Makampani a Press Farming ndi General Farming adatsegula minda ikuluikulu, bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority linkaphunzitsa alimi fodya wa m'mabalani, ndipo lamulo la mbeu zapadera linkaletsa mlimi wa kumudzi kulima fodya wa bale. Wofuna bale ankayenera kukhala ndi esiteti, choncho malo ambiri a mafumu adasanduka a lizi. Mu 1990 chiletsocho chidayamba kumasulidwa, ndipo anthu wamba ambiri, aphunzitsi, ogulitsa m'sitolo, akulu a mpingo, adayamba kulima bale ndi kuitana mabanja aŵiri kapena atatu oti aŵalimire.

Pangano lake aŵerengi a kuno akulidziŵa, koma a kutali alimve. Mwini munda amatumiza munthu kumwera kukasonkhanitsa mabanja, ndipo mtengo wa ulendowo ndiyo ngongole yoyamba. Banja likafika limapatsidwa gawo la munda, mbeu, feteleza, khasu, ndi phoso la chimanga, mwina ndi mchere, zonse zolembedwa m'buku limene amasunga ndi mwini munda. Ntchito imayamba ndi kuthirira nazale m'chilimwe, kenaka kugalauza mizere, kuokera mvula ikagwa, kupalira, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha magiredi ndi kudinda mabelo. Munthu mmodzi sangaithe, choncho mkazi ndi ana amaloŵa m'munda, koma m'buku muli dzina la bambo lokha. Tenanti saloledwa kugulitsa fodyayo kwa wina aliyense koma kwa mwini munda, pa mtengo wonenedwa ndi mwini munda, ndipo malipiro amadikira mpaka mabelo atagulitsidwa ku Chinkhoma kapena ku Kanengo. Pamenepo mpamene buku limatsegulidwa ndi kuchotsera zonse, mpaka mankhwala a mwana amene adadwala malungo mu Januwale. Ena amatsala ndi kanthu kogula njinga. Ambiri amatsala ndi ndalama zosakwana ulendo wobwerera kwao, ndipo ena amauzidwa kuti ngongole yatsalako, alimenso chaka china.

Kunena zoona, si eni minda onse amene ali ankhanza. Ambiri ndi anthu ochepa mphamvu amene nawonso amagona osatseka maso poganiza za ngongole ya feteleza ndi za mabelo obwezedwa ku okushoni. Wogula wamkulu akafinya mwini munda, mwini munda amafinya tenanti, ndipo tenanti alibe wina womufinya koma mkazi wake ndi mwana wake.

Oŵalankhulira kunja

Mbiri ya anthu ameneŵa idafika kale kutali. Mu 2009 bungwe la Plan International lidafalitsa lipoti lochokera pa kucheza ndi ana ogwira ntchito m'minda ya fodya ku Kasungu, Lilongwe ndi Mzimba. Lidati ana otere m'dziko muno ndi osachepera 78,000, ndipo kuti mwana wothyola fodya wonyowa angathe kuloŵetsa m'thupi mwake, kudzera pa khungu, nikotini wofanana ndi wa ndudu 50 pa tsiku. Mphunzitsi aliyense wa kuno adaonapo mwana wotere, wa chizungulire, wosanza, wogona pa desiki. Pa 1 Novembala 2019 boma la America lidalamula kuti fodya wa ku Malaŵi aziimitsidwa pa madoko ake chifukwa cha ntchito yokakamiza ndi ya ana, ngakhale kuti mu 2020 makampani ena akuluakulu adachotsedwa pa chiletsocho. Mu Disembala 2020 maloya a Leigh Day adakasuma ku London m'malo mwa matenanti ndi ana ao opitirira 7,000, kusumira makampani a British American Tobacco ndi Imperial. Makampaniwo adakana mlandu napempha kuti uthetsedwe usanamvedwe, koma mu Juni 2021 woŵeruza adakana pempholo.

Lamulo lofuna kukonza utenanti lidalembedwa koyamba mu 1995, ndipo lidagona m'madirowa zaka zoposa makumi aŵiri. America atatseka doko, sipadapite zaka ziŵiri utenanti nkuletsedwa. Aŵerengi adziŵeruzire okha kuti lidamveka ndi liu la yani. Ndipo popeza olima fodyawo sanali pa mpando pokonza lamulolo, funso lalikulu lidatsala losayankhidwa: mwini munda wamng'ono, amene amaona ndalama kamodzi pa chaka misika ikatsegulidwa, adzalipira bwanji mwezi ndi mwezi? Ife okhala kuno tikudziŵa kuti pa minda yambiri chidasintha ndi liu lokha. Tinyumba tija tikadalipo, buku lija likadalipo.

Apa mpamene pali kusiyana kwakukulu ndi a Dalit. Iwo ku Durban adalankhula ndi pakamwa pao, abwenzi ao ali kumbuyo. Matenanti athu kunja amadziŵika ngati chithunzi cha mwana wosauka pa chikuto cha lipoti, kapena ngati nambala pa mndandanda wa loya. Sindikunyoza oŵathandiza, popanda iwo bwenzi kuli zii. Liliponso bungwe la matenanti eni ake, la TOTAWUM, limene lidayamba m'zaka za m'ma 1990 ndipo lakhala likufikitsa madandaulo ao ku mabungwe a antchito a maiko ena. Koma ntchito yake njolemera ngati kutunga madzi ndi dengu, chifukwa munthu amene walembedwa chaka chino kwa Chulu, chaka chamaŵa ali ku Mpherembe kapena ku Mchinji. Alibe nyakwaŵa, alibe bwalo, ndipo mwini munda akamva kuti wapita ku msonkhano angathe kumchotsa fodya ali m'chigafa.

Palinso chifukwa china chozama. Mdalit sangaleke kukhala Mdalit, choncho adalitenga dzinalo nalisandutsa chishango. Koma tenanti aliyense amadziuza kuti wangobwera chaka chimodzi, akapeza ya malata abwerera. Ndani angafune kunyadira dzina limene akuyembekeza kulivula mu Ogasiti? Tisanamize aŵerengi kuti utenanti ndi caste. M'Malaŵi palibe chiphunzitso chonena kuti munthu amabadwa wodetsedwa, ndipo mwana wa tenanti akaphunzira angathe kukhala dokotala. Koma liu lakuti "akaphunzira" ndilo mwala wopunthwitsa. Maphunziro a pulaimale adakhala aulere mu 1994, komabe mwana amene amaphonya miyezi itatu chaka chilichonse, nasintha sukulu chaka chilichonse, safika Sitandade 8. Akakula alibe munda kwao kwa amai ake, kumene sakumdziŵa nkomwe, alibenso munda kuno, kumene ndi wobwera. Chotsalira nchiyani koma kukalembetsa pa esiteti ina? Chinthu chimene chimayamba ngati pangano la chaka chimodzi chikafika mbadwo wachitatu chayamba kufanana ndi chibadwidwe, ndipo mau aja a ku Durban, ntchito ndi kubadwa, ayamba kutiyandikira.

Pa benchi la m'tchalitchi

Ku India gawo lalikulu la Akhristu ndi ochokera m'mabanja a Dalit, koma lamulo la boma la mu 1950 lidaŵamana malo a sukulu ndi a ntchito osungidwira anzao, ati popeza adaloŵa chipembedzo chopanda caste. Chikhalirecho m'mipingo ina adapeza mabenchi aoao, ndipo mu mzinda wa Tiruchirappalli mudamangidwa khoma logaŵa manda a Akhristu paŵiri. Mu Malichi 2009, ku Bangkok, msonkhano woitanidwa ndi World Council of Churches pamodzi ndi bungwe la mipingo ya Lutheran udanena poyera kuti tsankho limeneli ndi tchimo. Ife a Sinodi ya Nkhoma tisafulumire kuloza chala. Mpingo wa Dutch Reformed wa ku Cape, umene udatitumizira amishoni oyamba ku Mvera mu 1889, ndi womwewo umene sinodi yake mu 1857 idalola kuti Akhristu akuda ndi oyera azipembedza ndi kudya Mgonero wa Ambuye padera, ati chifukwa cha kufooka kwa ena. Chimene chidamera pa mbeu imeneyo tonse tikuchidziŵa.

Kuno khoma la njerwa kulibe. Koma tiyeni tifunsane mwachikondi, abale ndi alongo. Mkhristu wochokera ku Sinodi ya Blantyre akafika pa esiteti wopanda kalata ya mpingo, popeza lole silidikira kuti abusa asaine, ndani amalembera mpingo wa kwao kuti kalatayo ibwere? Amatha zaka zingati ali pa benchi la kumbuyo, osayandikira gome la Ambuye? Mapemphero a m'milaga amazungulira nyumba za m'mudzi. Kodi adachitikirapo kangati m'kanyumba ka kuseri kwa chigafa? Amai a Chigwirizano akamasankha atsogoleri, akulu a mpingo akamasankhidwa, dzina la wa pa esiteti limatchulidwa? Timati sakhalitsa, pamene ena takhala tikuŵaona zaka khumi. Ndipo mwana wa tenanti akamwalira mu Febuluwale, mwezi wa njala ndi malungo, bambo wake amayenda yekha kukagwada kwa mfumu kupempha malo m'manda a eni, chifukwa ndalama yonyamulira maliro kupita ku Mulanje palibe. Ndani wa ife amamperekeza?

Malembo sadatisiye mu mdima pa zimenezi. Deuteronomo 24 ndi Levitiko 19 amaletsa kusunga malipiro a waganyu, kaya ndi mbale kaya ndi mlendo. Yakobo, pa mutu 5, amachenjeza eni minda kuti malipiro obisidwa ali ndi liu lofika kwa Mulungu, ndipo pa mutu 2 amadzudzula mpingo wosankha mipando poyang'ana zovala. Mkulu wa mpingo amene buku lake la ngongole sangalole kuti mkulu mnzake aliŵerenge pamaso pa tenanti, ali ndi nkhani yoti bwalo la mpingo limve, monga momwe limamvera nkhani za moŵa ndi za chigololo, zimene sitichedwa nazo.

Koma pali china choposa chifundo chimene mbiri ya a Dalit ndi ya Bandawe ikutipempha. Gandhi anali ndi chifundo, ndipo dzina lake lidakanidwa. Si ntchito yathu kuŵapezera anthu a pa esiteti dzina lokoma, kapena kuŵalembera madandaulo ao. Chimene akusoŵa ndi denga loti akumanirepo okhaokha, a pa munda uwu ndi a pa munda uwo, Mlomwe, Myao ndi Mcheŵa, Mkhristu ndi Msilamu, aŵerengerane zimene zalembedwa m'mabuku a ngongole, amve chimene lamulo la 2021 likunena za malipiro ao, asankhe oŵalankhulira ku ofesi ya za ntchito ku boma, ndipo tsiku lina ngakhale ku Geneva. M'chigwa chonse cha Kasungu nyumba imene ili pafupi ndi esiteti iliyonse, yosakhala ya mwini munda kapena ya kampani, ndi nyumba ya mapemphero, ndipo Loŵeruka masana imakhala yotseka, mulibe munthu. Makiyi ake amasunga ndi mkulu wa mpingo, ndipo m'madera ambiri mkulu wa mpingoyo ndiye mwini zigafa.